Mmene Ndinajambulira Apongozi Anga

Ana inu, tabwerani kuno, ndipo iwe Dalitso foniyo uyambe waiika m'thumba. Sindikukalipa ayi. Mukundidziwa, ine kukalipa sindinakuphunzire. Koma chimene mwandionetsa m'mawa uno chandikhala pakhosi ngati mbatata youma, ndipo ndikapanda kulankhula sichitsika.

Ndikunena chithunzi cha ku ukwati wa Misozi chija. Mwamuna wa Misozi wakweza foni m'mwamba ndi dzanja limodzi, linalo wakoleka m'khosi mwa mayi anu, tsaya kugunda tsaya, onse awiri mano pamtunda. Apongozi ake! Ndinayamba ndapukuta magalasi, kuganiza kuti mwina maso akundinamiza. Nditafunsa kuti, "Kodi ameneyu si mkamwini?" inu munangoseka, ati, "Agogo, ndi selefi chabe." Chabe! Ndiponso foniyo ili pamwamba pa mutu wa apongozi, ikuwayang'ana paliwombo ngati khwangwala ali padenga. Misozi, usakwiye, mwamuna wako ndi mwana wabwino, amandipatsa moni ndi manja awiri. Koma ine thukuta linatuluka.

Musandione ngati munthu wosadziwa zithunzi. Kamera ndi imene inaphunzitsa mayi anu, ndi imene inafolera nyumba ino. Ndipo apongozi anga inenso ndinawajambulapo. Chinkafunika chinali chithunzi chimodzi chokha, chaching'ono ngati bokosi la machesi, koma chinandivuta kuposa zithunzi zonse zimene ndinajambulapo.

Ine ndinakulira ku Chiparamba, ndipo sukulu yanga inathera komweko, ya denga la udzu. Ndinali mnyamata wamanyazi oopsa. Aphunzitsi akandiloza, yankho ndili nalo, koma maso ankathawira ku zala za kumapazi. Ndiye taganizani, munthu wotero n'kupeza ntchito yoyang'anitsitsa anthu kumaso! Amalume ndi amene ananditengera m'tauni kwa a Saidi, Msilamu wina amene makolo ake anachokera ku Malawi, mwini situdiyo kumashopu a kumunsi. Maso awo anali atayamba kuchita ng'ala, ndiye ankafuna maso a munthu wina.

Situdiyo imeneyo mukanaiona bwenzi mutaseka. Pakhoma panali chinsalu chojambulidwa ndege ndi nyumba yosanja. Panali maluwa a pulasitiki, wailesi yakufa imene anyamata ankainyamula paphewa, ndi jekete limodzi limene linavalidwa ndi amuna a Chipata yense, oonda ndi onenepa omwe. Wokhala ndi wotchi ankagwira chibwano kuti wotchiyo ioneke. Wopanda wotchi ankabwereka ya a Saidi.

A Saidi sanandivutitse ndi za mabatani. Nkhani yawo inali imodzi: uima pati. Ankati, "Mwanawe, kamera ilibe bodza. Wabodza ndi bondo lako." Ukagwada n'kujambula munthu kuchokera pansi, umamukuza. Mapewa amatambasuka, chibwano chimabwera patsogolo, ngakhale mesenjala woonda amaoneka ngati mwini boma. Ukatsitsa mopitirira, basi wajambula mphuno ziwiri ngati mauna a mbewa. Ukakwera pamwamba, umamuchepetsa. Chipumi chimakula, thupi limafota, munthu wamkulu amasanduka mwana wopempha. Koma ukafuna munthu mmene Mulungu anamuumbira, diso la kamera lilingane ndi diso lake, osakwera, osatsika.

Ndinaphunzira kuwerenga anthu akamalowa pakhomo. Ahedi a sukulu ndinkawagwadira pang'ono, ndipo ankatuluka akunena kuti mnyamatayu ali ndi dzanja labwino. Bambo wina wa diso limodzi lofa ndinamutembenuzira chammbali, ndipo chithunzicho anakafunsira nacho mbeta ku Katete. Ana aang'ono ndinkatsika nawo mpaka pansi, chifukwa mwana ukamujambula utaimirira amaoneka ngati wasiye. Inu mumakweza foni kuti nkhope ioneke yosongoka, ndikudziwa. Dalitso, usayang'ane kumbali, tsiku lija unandijambula ndikusinza pampando, uli chiimire pamutu panga, ndipo dazi langa linayenda mpaka ku Lusaka. Ndinamva.

Dzinja ntchito inkazizira, anthu ali m'minda, matope mpaka m'mawondo. Koma akakolola n'kugulitsa mtedza ndi thonje, ndinkamanga kamera pa njinga n'kuyamba kuzungulira midzi. Maukwati, ubatizo, makwaya. M'thumba ndinkatenga mtedza wokazinga ndi chinangwa chophika, ludzu likandigwira ndinkapempha thobwa pakhomo lililonse, ndipo palibe ankandimana. Ku Madzimoyo ndi kumene ndinakumana ndi agogo anu a Enelesi. Ndinkajambula kwaya ya tchalitchi chawo, iwo ali mzere wakumbuyo, akundiseka chifukwa ndinkalankhula ndi nsapato zanga. Anakuwa kuti, "Achimwene, kwaya ili kuno, osati pansipo!" Ndinapita kunyumba ndikuyaka makutu. Mmene ndinalimbira mtima mpaka kutuma amalume, imeneyo ndi nkhani ya agogo anu, amaikamba bwino kuposa ine, ngakhale amawonjezera.

Mayi awo, Anabanda, anali Mchewa wochokera ku Malawi, namfedwa, wolera mudzi wonse. Ananeneratu kuti mwana wawo sachoka pakhomo. Choncho ndinamanga kanyumba pamudzi pawo, n'kukhala mkamwini.

Inu simudziwa kuti apongozi chinali chiyani masiku amenewo. Sitinkadana ayi, unali ulemu. Ndikawaona akubwera m'njira ndinkapatukira m'tchire, kaya muli chitedze kaya minga. Iwonso akandiona ankakhotera kuseri kwa nkhokwe. Kudyera pamodzi ayi, kupatsana chinthu pamanja ayi, kutchulana dzina ndiye kosayerekeza. Kuimirira iwo atakhala pansi chinali chipongwe chofika nacho kwa ankhoswe. Tikafuna kulankhulana tinkatuma mwana, ngakhale tili pabwalo limodzi ndipo tikumvana bwinobwino. Mtenga wathu anali mayi anu a Tilyenji, omwewa okumbatiridwawa, akali kamwana koyenda ndi mkanda wokha m'chiuno. Apongozi ankati, "Tilyenji, uwauze atate ako kuti mbuzi zalowa m'dimba." Ine n'kuyankha, "Tilyenji, uwauze agogo kuti ndamva." Mwanayo ali phee, akudya dothi, sanauze munthu kanthu.

Ndiye ndinakhala pamudzi paja zaka, koma nkhope yawo sindinkaidziwa. Ndinkadziwa msana wawo, mayendedwe awo, ndi mawu awo akamaitana nkhuku. Mukanandiimika pamsika n'kunena kuti loza apongozi ako, ndikanapempha kuti amayi onse ayambe atembenuka.

Chaka china, nyengo yotentha ija mvula isanagwe, nyenje zikulira m'mitengo, kunabwera a Mwale, dalaivala wa lole amene ankadutsa pa malire a Mwami kupita ku Malawi. Anabwera ndi uthenga woti a Esinati, mng'ono wawo wa apongozi, ali gone ku Ntcheu, matenda akula, ndipo akungotchula dzina la akulu awo. Awiriwa ndi okhawo amene anatsala a bere limodzi, ndipo anali asanaonane kuyambira pamene anakwatiwa.

Kukanakhala ku Mchinji, bwenzi atangodutsa njira za m'minda monga ankachitira aliyense. Koma Ntcheu ndi kutali, ndipo m'njira ankaimitsa galimoto n'kufunsa zitupa. A Mwale anati akapakira katundu abwerera, ndipo malo kutsogolo alipo, bola mayiwo akhale ndi chitupa chapaulendo. Chitupacho chinkafuna chithunzi: nkhope yonse, maso onse awiri kuyang'ana kutsogolo, makutu kuoneka.

Ine ndinati apite kwa wojambula wina amene anali pafupi ndi msika. Koma ameneyo ankadziwika kuti amagwira anthu chibwano powongola mutu, ndipo mbiri yake inali itafika kumudzi. Yankho linabwera kudzera mwa mwana: "Tilyenji, uwauze atate ako kuti chibwano changa sichigwiridwa ndi mwamuna wachilendo."

Agogo anu nawonso anawonjezera. "Inu, anthu adzati chiyani? Mkamwini wojambula ali pakhomo, amayi n'kukajambulitsa kwa eni ake? Adzati munayambana."

A Saidi ndiye sakanatha, n'kuti akuona zinthu ngati zili mu utsi. Panatsala ine.

M'mawa mwake tinapachika nsalu yoyera pakhoma la nyumba, kumthunzi, n'kubwereka mpando kwa aphunzitsi. Apongozi anatuluka atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, nakhala pampandopo chammbali, nkhope kuloza kunkhokwe. Ine ndinabwera chokwawa. Zonse zimene a Saidi anandiphunzitsa ndinkazidziwa, koma mawondo anakana. Ndinagwada, ndinaona kuti kugwada sikukukwana, ndinakhaliratu pansi. Kamera yanga inali ija yoika padiso, yoti usuzumire pakabowo n'kumuyang'ana munthuyo. Ndinaikweza, ndinaona chitenje. Ndinakwezanso pang'ono, ndinaona mkanda wa m'khosi. Pamenepo diso langa linatsinzina lokha, ndipo ndinadina nditatsinzina.

Ndinapalasa njinga mpaka m'tauni, dzuwa lili paliwombo. Kalelo chithunzi sichinkaoneka pompo ngati zanuzi. Unkalowa m'kachipinda kamdima, kutsuka filimu m'mankhwala onunkha, kudikira iume, kenako n'kusindikiza papepala ndi nyali yofiira. Chitatuluka ndinachigwira m'manja n'kuchiyang'ana. Mawondo awiri aakulu ngati maungu. Pamwamba pake chibwano, mphuno ziwiri, ndipo mutu unathera pachipumi. A Saidi anachiyandikiza ku diso lawo labwinoko, nachitembenuza, nachitembenuzanso.

"Mwanawe, ili ndi phiri la Kanjala kapena munthu?"

"Ndi apongozi anga, bwana."

"Unawajambula uli m'dzenje?"

"Ndinakhala pansi."

"Ndiye ulemu wawapatsa wambiri, nkhope n'kuwalanda."

Agogo anu atachiona anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma kusekako sikunakhalitse, chifukwa tsiku lomwelo munthu wina wochokera ku Mwami anali atasiya mawu oti a Esinati aleka kudya.

Tinayesanso. Ulendo uno apongozi anakana mpando, ati pampando paja anachita manyazi ngati akuweruza mlandu. Anayala mphasa nakhala pansi, miyendo chowongola, monga amakhalira amayi. Tsopano onani vuto lake. Kuti diso la kamera lilingane ndi lawo, ndiye kuti nanenso ndikhale pansi pafupi nawo, maso ndi maso, ngati anthu osewera nsolo. Zimenezo sizikanatheka. Ndinkangozungulira chogwada, kusowa poima. Agogo anu anandinong'oneza, "Taimirirani msanga mujambule, palibe akuona."

Ndinaimirira. Ana inu, ndinaimirira pamaso pa apongozi anga iwo ali pamphasa! Ndinadzimva kutalika kuposa denga. Iwo atangoona mapazi anga ataima, anaweramitsa mutu mpaka chibwano kugunda pachifuwa. Ndipo woona analipo. Mayi wina woyandikana nafe, akuchokera kumadzi, anatula ndowa n'kukuwa, "Kalanga ine! Mkamwini wawaimirira Anabanda! Za m'tauni zatifika!" Ndinadina, n'kudzigwetsa pansi ngati wolasidwa. Madzulo ake amalume anali atamva kale ku Chiparamba, ndipo anatumiza tambala wopepesera asanandifunse n'komwe chimene chinachitika.

Chithunzi chimenecho ndinapita nacho ku ofesi ya zitupa, chifukwa nthawi inali ikutha ndipo ndinkati mwina atimvera chisoni. Kalaliki wake anali munthu waulemu. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, dukuli ndi lokongola. Koma ife chitupa timapereka kwa munthu, osati kwa duku. Pa Mwami akakawafunsa, akaonetsa liwombo?"

Ankanena zoona. Pachithunzipo panali duku lalikulu ngati lichero, kansonga ka mphuno, ndi timapewa tating'ono pansi pake. Mayi woopedwa ndi mudzi wonse ndinali nditawasandutsa kamwana kogwidwa kakuba shuga.

Potuluka ndinakumana ndi a Mwale, lole yawo ili pamzere wopakira. "Akamwini, zili pati? Ine ndikangomanga tenti ndanyamuka, katunduyu si wanga." Ndinalowa mu situdiyo n'kukhala pabenchi ya makasitomala. Ndinaganiza za mayi uja ali gone ku Ntcheu, maso ali kukhomo, ndipo chowachedwetsa akulu ake si mtsinje wodzaza, si mlatho wothyoka, koma mawondo a mkamwini.

A Saidi anamvetsera zonse osaseka. Kenako anafufuza pansi pa kauntala n'kutulutsa bokosi lokutidwa ndi nsanza. Munali kamera yakale imene anayambira nayo ntchito, yooneka ngati njerwa yoimika, ya maso awiri kutsogolo, lina pamwamba lina pansi. Anatsegula kachitseko ka pamwamba pake.

"Suzumira umu."

Ndinawerama. Pansi pa kachitsekoko panali kagalasi, ndipo m'kagalasimo ndinaona khomo la situdiyo ndi anthu akudutsa mumsewu, ine nditaweramitsa mutu ngati ndili m'pemphero.

"Waona? Iyi suiika padiso. Umaiika patsogolo, iwe n'kuyang'ana pansi. Amene anaipanga sindimudziwa, koma ayenera kuti anali mkamwini." Kenako anandigwira padzanja. "Diso lam'munsilo ndi limene limajambula. Lilingane ndi maso awo. Ukalitsitsanso, kuno usabwere."

Tinalawira dzuwa lisanakwere. Apongozi anakhala pakampando kachikopa, kakafupi. Miyendo yoimikira kamera kumudzi ndinalibe, ndiye tinagubuduza mtondo n'kuuvundikira, kamera pamwamba pake. Agogo anu anatenga bango, naliimika pambali pa mayi awo, nalithyola pamene panafika diso. Anabwera nalo pamtondo, tinaona kuti kamera yatsika pang'ono, n'kuikira thabwa pansi pake mpaka diso lam'munsi linafika pansonga ya bangolo. Anawakankhira duku kumbuyo kuti makutu aoneke. Ine ndinagwada kuseri kwa mtondo, mutu pansi. Ulemu unakwana, msinkhu unakwana. Anthu anali atadzaza m'mbali, ndi mayi wa ndowa uja yemwe, kudzaona ngati ndiimirirenso.

Koma m'kagalasi ndinaona khutu. Nkhope inali ikuyang'anabe kunkhokwe.

"Tilyenji," ndinatero, "uwapemphe agogo ayang'ane diso lam'munsi la kamera."

Kenako ndinamva, "Tilyenji, uwauze atate ako kuti kuseri kwa disolo kuli munthu."

"Tilyenji, uwauze agogo kuti munthuyo wawerama, akuyang'ana pansi."

"Tilyenji, uwauze kuti ine ndikumuona."

Mwanayo n'kuti akuthamangitsa nkhuku kuseri kwa nyumba.

Agogo anu ndi amene anatipulumutsa, ndipo muziwalemekeza. Anamasula chitenje chapamwamba n'kundifunditsa, mutu, msana, mpaka zidendene, n'kusiya maso a kamera okha panja.

"Amayi, taonani. Munthu ali kuti? Pali mtondo ndi chitenje basi."

Anthu anaseka. Ine ndili m'kati, mukununkha utsi ndi sopo, thukuta likutsikira m'maso. Mumdima muja kagalasi kanawala kwambiri, chilichonse chikuoneka bwino. Ndinaona khutu likusuntha. Linabwera tsaya, lili ndi mphini zazing'ono. Kenako maso onse awiri, ndii, pa ine.

Ana inu! Inali nkhope ya agogo anu, yomweyo, itangokalamba. Chipumi chomwecho, kamlomo kam'mwamba komweko. Nkhope imene ndinkaiona tsiku ndi tsiku m'nyumba mwanga, osadziwa kumene inachokera. Koma chimene chinandibaya ndi china. Maso anali otupa, ofiira. Masiku onse aja ine ndinkangomva mawu awo, olimba, akutuma mwana za mbuzi ndi za nkhuni, ndipo mumtima ndinkati mayiwa ndi mwala. Kani ankalira, kulira kobisa. Pamudzi ponse amene sankadziwa ndinali ine ndekha, chifukwa ndine ndekha amene sindinkawayang'ana.

Chala chinaiwala ntchito. Ndinangoti kakasi m'chitenjemo.

"Enelesi," anatero, milomo yokha ikugwedera m'kagalasi, "kodi chitenjecho chagona? Kuno khosi lauma."

Ndinapotoza kagudumu ka m'mbali mpaka nsidze zawo zinaoneka bwinobwino, n'kudina.

Potsuka, pepala lili m'mbale ya mankhwala, nkhope inayamba kutuluka pang'onopang'ono, maso poyamba. Atangondiyang'ana ndinatembenuka n'kupenya kukhoma, m'kachipinda kotseka, muli ine ndi a Saidi basi.

"Mwanawe, chotsa pepalalo lingade! Ulemuwo ukachitire kunyumba."

Litauma a Saidi analiyandikiza kudiso. "Eya," anatero. "Uyu ndi munthu."

Ku ofesi apongozi analowa ndi agogo anu, ine ndinatsala panja kuseri kwa mtengo. Anandiuza kuti kalaliki anayang'ana chithunzi, anayang'ana mwini wake, n'kudinda. A Mwale n'kuti atamanga kale tenti, injini ikulira. Anawakweza kutsogolo, kamtolo pamiyendo, botolo la thobwa ndi zitumbuwa zokulunga m'pepala. Ine ndinangoona kumbuyo kwa lole ikukhotera msewu wa ku Mwami.

Kalelo munthu akapita, wapita. Kunalibe zoimbirana kuti mwafika bwanji. Mvula inagwa, tinabzala. M'munda mwawo ndinalima ine, monga mkamwini. Tinapalira. A Mwale mabwana awo anawasinthira njira ina, sitinawaonenso. Agogo anu akamva lole kumsewu ankaimika khasu n'kutchera khutu mpaka phokoso litazilala. Ine ndinkangoganiza za masiku aja anapita ndi zithunzi ziwiri zoipa, ndi kudzifunsa ngati sanali masiku omwewo amene a Esinati anatsala nawo.

Chimanga chitafika m'chiuno, tsiku lina masana ndikuchokera m'tauni, ndinakhotera kanjira kochoka kumsewu waukulu, kopapatiza, chimanga uku ndi uku. Patsogolo panga panali mayi akuyenda pang'onopang'ono, kamtolo pamutu. Anali apongozi, ndipo duku lawo linali lakuda. Duku la maliro. Ndinagwira mabuleki, analira, iwo n'kuima. Ndinadumphira m'chimanga n'kugwada, njinga n'kugwera m'njira. Panalibe mwana, panalibe wodutsa, ngakhale galu woti n'kumutuma. Funso linali pakamwa, koma ndifunsa kudzera mwa yani?

Ndinamva akutula kamtolo. Mapazi anabwerera m'mbuyo mpaka anaima pamene panagwera njinga, gudumu lakumbuyo likuzungulirabe.

"Njinga iwe," anatero. "Ukawauze eni ako kuti ndinamupeza akupuma. Anandizindikira. Anamwa phala m'manja mwanga, ndipo maso ndinamutseka ndine."

Ndinangoomba m'manja m'chimangamo, kuomba, kuomba. Pamapeto pake ndinati, "Njinga, uwauze amayi kuti ndamva. Uwauzenso asiye katunduyo, unyamula ndiwe."

Anasiya kamtolo pambali pa njinga n'kuuyamba wa kumudzi. Ndinadikira mpaka mapazi awo anasiya kumveka. Ndinadzutsa njinga, ndinamangirira kamtolo pakaliyala, n'kuyamba kukankha pang'onopang'ono, kuti ndisawapeze.